Msilikari Amene Sanasiye Mnzace

Ana a ku Nangongwe audziwa bwino mtsinje wa Kafue. Madzi ace acokera kumpoto, kufupi ndi malire a dziko la Congo. Munthu akadumpha malirewo, nayendabe masiku ambiri kunka kumpoto, adzafika ku mzinda wa Beni. M'nkhalango za kumeneko ndimo munafera mnyamata amene timkumbukira lero.

Dzina lace ndiye Chancy Chitete, wa ku Malawi. Sanali mkuru wa nkhondo ai, anali msilikari wamba. Anapita ku Congo pansi pa bungwe la United Nations kukacinjiriza anthu a m'midzi, popeza acifwamba a gulu la ADF anali kuwapha.

M'mwezi wa November 2018, asilikari a ku Malawi ndi a ku Tanzania analowa m'nkhalango kukapitikitsa acifwambawo. Nkhondo inakula, zipolopolo zili kugwa ngati matalala. Pamenepo Chitete anaona msilikari wa ku Tanzania ali gone, wolasidwa, wosakhoza kuthawa. Munthuyo sanali mbale wace, kapena wa dziko lace, ndipo Chitete akadafuna akadadzipulumutsa yekha. Koma anamthamangira, namkokera pobisika, nayamba kusamala mabala ace. Ali pa nchito imeneyo cipolopolo cinamlasa, namwalira. Mnzace uja anacira.

Mu May 2019, ku New York, Mlembi Wamkuru wa United Nations, António Guterres, anapatsa mkazi wa Chitete mendulo ya ulemu waukuru. Mendulo imeneyi icedwa ndi dzina la Mbaye Diagne, msilikari wa ku Senegal, amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994, nafera komweko.

Makolo anati, "Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako." Chitete anazima moto wa mnzace osawerengera za mawa. Dziko lathu la Zambia nalonso latumiza ana ace ku nchito yotereyi, ndipo ena sanabwerere. Tsiku lowakumbukira onsewo ndilo 29 May caka ndi caka.

MAFUNSO
1. Kodi Chitete anapitiranji ku Congo?
2. Anacita ciani ataona mnzace wolasidwa?
3. Mbaye Diagne anali yani?
4. Lembani za tsiku limene munathandiza munthu wosakhala mbale wanu.