Kodi chikondwerero cha ku China pa yunivesite chili ndi phindu?

Funso: Aphunzitsi, a Confucius Institute amakonza chikondwerero cha Chaka Chatsopano cha ku China pa yunivesite. Ine ndimaphunzira za uinjiniya. Kodi kupitako si kungotaya nthawi?

Yankho: Ayi, pitaniko ndithu. Chikondwererochi chimachitika pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, potsata kalendala ya mwezi. Magule ndi zakudya n'zosangalatsa, koma phindu lenileni ndi anthu amene mukacheze nawo. Mukawafunse za mayeso a HSK, omwe mayunivesite a ku China amafuna kwa ophunzira m'Chitchaina, komanso za mpikisano wa Chitchaina wotchedwa Chinese Bridge, womwe unayamba mu 2002. Injiniya wodziwa chilankhulochi savutika kumvana ndi makampani a ku China omanga misewu kuno kwathu. Mukalembetsenso kalasi yoyamba ya Chitchaina.