Kodi nangula angakhale ndi mwini wake?

Funso: Nangula ndi chida chakalekale. Nanga n'chifukwa chiyani ena amamulembetsa patenti ngati kuti anamuyambitsa ndi iwo?

Yankho: Patenti imateteza kapangidwe katsopano kokha, osati nangula aliyense. Mu 1933, Geoffrey Taylor, wasayansi wa ku Cambridge, anapanga nangula wotchedwa CQR wooneka ngati pulawo. Nangula wakale ankagwira pansi ndi dzino limodzi, linalo lili chotukuka, pomwe linkatha kukola chingwe cha bwato. Wa Taylor akamakokedwa amadzikumbira mumchenga kapena m'matope, motero ngakhale ali wopepuka amagwira zolimba. Nzeru imeneyo ndiyo inayenera kutetezedwa. Ena amadandaula kuti patenti imakweza mitengo chifukwa wopanga amakhala mmodzi. Dandaulo limeneli n'lomveka, koma vutolo ndi la kanthawi: masiku ano patenti imatha pakadutsa zaka 20, ndipo wolembetsa amayenera kufotokoza poyera mmene chidacho chimagwirira ntchito. N'chifukwa chake lero mafakitale ambiri amapanga anangula amtunduwu momasuka, ndipo oyendetsa maboti amawagula pamtengo wopikisana.