Miliyoni ndi yamakani tsiku logawana

Magulu ambiri a banki m'khonde amakonda kuika cholinga chawo pa K1,000,000. Ndi nambala yokoma kutchula, ndipo kuiwerenga sikuvuta: ma K5,000 okwana 200, kapena ma K2,000 okwana 500. Mutu umayamba kuwawa tsiku logawana.

Pa masamu, nambala yaikulu iliyonse imaphwanyika kukhala tinambala tosagawikanso, monga 2, 3, 5, 7 ndi 11. Miliyoni ikaphwanyidwa mumapezeka mitundu iwiri yokha: ma 2 asanu ndi mmodzi ndi ma 5 asanu ndi mmodzi, onse ochulukitsidwa pamodzi. Mulibe 3, mulibe 7. N'chifukwa chake nambala zoigawa popanda chotsala zilipo 49 basi, ndipo kuyambira 2 mpaka 30 ndi izi zokha: 2, 4, 5, 8, 10, 16, 20 ndi 25. Ndi 1,000 kuchulukitsa ndi 1,000, komanso 100 kuchulukitsa ndi 100 kenako ndi 100, koma zimenezi sizithandiza msungichuma amene ali ndi mamembala 12.

Amayi 12 akagawana miliyoni mofanana, aliyense amayenera kulandira K83,333 n'kutsala K4. K4 si kanthu. Chovuta ndi K33 ya kumapetoyo, chifukwa ndalama yapepala yaing'ono kwambiri ndi K20 ndipo makoini sapezeka wamba pamsika. Msungichuma akapereka K83,300 kwa aliyense, m'manja mwake mumatsala K400 yopanda mwini. Ndi ndalama yochepa, koma manong'onong'o m'gulu amayambira pa zoterezi. Anthu 15 nawonso amalandira K66,666 n'kutsala K10, ndipo 7 amalandira K142,857 n'kutsala K1.

Pali njira yachidule yodziwiratu. Munthu awonkhetse manambala onse a mu ndalamayo. Yankho likagawika ndi 3, ndalamayo igawikanso ndi 3. Likagawika ndi 9, igawikanso ndi 9. Pa miliyoni yankho ndi 1, choncho gulu la anthu 3, 6, 9, 12, 15 kapena 30 lidziwiretu kuti padzatsala kanthu.

Kuwonjezera K8,000 yokha kumasintha zinthu. K1,008,000 ili ndi ma 3 awiri ndi 7 mmodzi mkati mwake, ndipo nambala zoigawa zimafika 192. Imagawika ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 10. Anthu 12 amatenga K84,000 aliyense, 7 amatenga K144,000, 9 amatenga K112,000, 15 amatenga K67,200, ndipo 30 amatenga K33,600. Zonsezi zimawerengeka ndi ndalama zapepala, osafuna chenji.

Nayonso ili ndi malire: siigawika pakati pa anthu 11 kapena 13. Magulu oterewa aike cholinga pa K1,001,000, popeza 1,001 ndi 7 kuchulukitsa ndi 11 kenako ndi 13. Mamembala 11 amalandira K91,000 aliyense, 13 amalandira K77,000.