Mphezi ndi Mlongoti wa Wailesi

Mphezi imakonda kugwa pa zinthu zazitali. N'chifukwa chake anthu amene amalankhulana pa wailesi ali kunyumba kwawo amasamala mlongoti wawo nthaŵi ya dzinja. Iwo amakhomera ndodo yamkuwa m'nthaka, nailumikiza ku mlongotiwo ndi waya wonenepa. Mphezi ikagwa, mphamvu yake imatsata wayayo mpaka pansi. Nzeru imeneyi anaiyamba ndi Benjamin Franklin wa ku America cha m'ma 1750.

Komabe waya sathetsa ngozi yonse. Mitambo yakuda ikayamba kusonkhana, mwini wailesi amazula waya woloŵa m'nyumba mabingu asanafike.

Nanga ali m'galimoto? Chomuteteza si matayala ayi, koma chitsulo chomuzungulira, chimene chimapititsa mphamvuyo pansi.

Mafunso
1. Kodi ndodo yamkuwa imagwira ntchito yanji?
2. Chimateteza munthu m'galimoto n'chiyani?