Lachitatu: Utoto wa Chipatso ndi Nzeru za Mlengi

Werengani Genesis 1:29 ndi 2:9. Kodi malembawa akutiuza zinthu ziwiri ziti za mitengo imene Mulungu anameretsa m'munda wa Edene?

Tikathyola mabulosi akupsa, zala zathu zimatsala zofiirira. Utoto umenewo akatswiri amautcha anthocyanin, ndipo umapezekanso m'jambula ndi m'mphesa zakuda. Mlengi sanauikemo kuti ukongoletse chipatso chabe. Umatchinjiriza chomera ku ukali wa dzuwa, umakopa mbalame kuti zifalitse mbewu, ndipo uli m'gulu la zinthu zoteteza thupi zotchedwa antioxidants.

Kodi thupi likutetezedwa ku chiyani? Pamene maselo athu akusandutsa chakudya kukhala mphamvu, amagwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni. Pa ntchitoyi pamatsala tizinthu tolusa totchedwa free radicals. Tizinthuti tikachuluka kuposa chitetezo cha thupi, timawononga maselo monga momwe dzimbiri limadyera khasu losiyidwa pamvula. Kuwonongeka kotere kumathandizira kudza kwa matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi. Fodya ndi mowa zimakuwonjezera; zipatso ndi ndiwo zamasamba zimathandiza thupi kulimbana nako. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kudya magalamu osachepera 400 a zakudyazi tsiku lililonse.

Koma tichenjere. Ena anaganiza kuti ubwino wa chomera ungathe kutsekeredwa m'mapiritsi. Mu 1994, zotsatira za kafukufuku wa ku Finland zinaonetsa kuti amuna osuta fodya amene ankamwa mapiritsi a beta-carotene, utoto wa mtundu wopezeka m'karoti, anadwala khansa ya m'mapapo mochuluka kuposa amene sankamwa. Tiphunzirapo kuti dalitso lili m'chakudya chathunthu monga Mulungu anachiperekera, ndi kuti palibe chimene tingameze kuti chifafanize chizolowezi choipa chimene sitifuna kuchisiya. Ndiponso chipatso sichilowa m'malo mwa mankhwala amene dokotala wapatsa wodwala.

Werengani 1 Akorinto 6:19, 20. Ngati thupi si lathu, ndife adindo a chimene tikulidyetsa. Kangati tasiya mabulosi kuti agwe ndi kuwola kuseri kwa nyumba, ife n'kukagulira ana zakumwa zodzaza shuga?

Funso lolingalira: Kodi ndi zipatso ziti zimene zikupsa kwanu m'nyengo ino, ndipo mungachitenji sabata lino kuti zifike pa mphasa ya banja lanu?