Fizi ya ku UNZA kwa mwana wa Mmalawi

Zikomo mayi athu a ku Kafue Estates chifukwa cha kalata yanu. Mukuti kwanu nku Malawi, mwana wamaliza Giredi 12 konkuno ku Zambia, ndiye ku yunivesite ya UNZA akalipira ngati Mzambia kodi?

Mayi, mayunivesite a boma sayang'ana zoti mwana ngwa ku Kafue kapena ku Chipata, amayang'ana unzika. Komabe musataye mtima. Pangano la SADC lomwe adasainira ku Blantyre mu 1997 limati ophunzira a m'chigawo chino azilipira ngati eni dziko, komanso mayunivesite aziwasungira malo 5 pa 100 aliwonse. Povuta mpa ngongole ya maphunziro ya bungwe la HELSB: imeneyo njofuna chitupa chobiriwira cha NRC, cha nzika basi.

Kwerani minibasi mukafunse nokha ku UNZA, ku Great East Road, mapepala onse a mwanayo ali m'manja.