Ndigule makina otani owerengera malonda pa lesitilanti yanga?

FUNSO

Alangizi,

Ndili ndi lesitilanti ku Limbe komwe timaphika nsima, mpunga ndi tchipisi. Masana anthu amadzaza, ndipo ena a m'maofesi amaitanitsa chakudya pa WhatsApp, ife n'kuwatumizira pa kabaza. Chondisowetsa tulo n'chakuti madzulo tikamawerengera, ndalama sizigwirizana ndi chakudya chimene chatuluka. Nkhuku imatha mumphika, koma ndalama zake osaoneka. Maoda timalemba m'kabuku, kungoti anthu akachuluka atsikana amangokuwira ophika pawindo. Mwana wanga wandionetsa mapulogalamu a pa intaneti, komanso kwabwera bambo wina amene akuti andiikira kompyuta, pulinta ndi kabati ya ndalama pa mtengo wokwera ndithu. Nditsate ziti? Sindikufuna kutaya ndalama kawiri.

Mayi wodandaula, Limbe

YANKHO

Mayi, zikomo potilembera. Ndalama zanu zikuthawira pawindo lomwe mwatchulalo. Mbale imene yatuluka ndi mawu apakamwa ilibe umboni, ndipo palibe makina amene angawerenge mbale yosalembedwa. Choncho musanagule chilichonse, ikani lamulo mawa lomwe lino: wophika asapakule popanda kapepala ka oda. Pulogalamu yoyenera inu ndi imene ichititsa kuti lamuloli likhale losavuta kusunga ngakhale 12 koloko masana, anthu atathithikana. Woperekera chakudya akadina "nsima ya nkhuku", kapepala katuluke kukhitchini nthawi yomweyo, ndipo mbaleyo ikhale pa dzina lake mpaka italipiridwa.

Apa m'pamene ndikufuna mufunsitse kwambiri. Aliyense wogwira ntchito akhale ndi nambala yake yachinsinsi, osati imodzi yogawana. Kenako muuzeni wogulitsa pulogalamuyo akuonetseni zimene zimachitika oda ikafufutidwa. Ndalama zambiri za m'malesitilanti zimasowa motere: oda yalembedwa, chakudya chadyedwa, kasitomala walipira, ndiyeno wina n'kufufuta odayo ngati kuti inali yolakwika. Pulogalamu yabwino siilola kufufuta, kutsitsa mtengo kapena kubweza ndalama popanda nambala ya mwini kapena woyang'anira, ndipo imasunga mndandanda wa amene anafufuta, nthawi yake ndi chifukwa chake. Ikakhala yopanda zimenezi, isiyeni, ngakhale ikhale yokongola bwanji. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikupempheninso kuti musafulumire kuloza chala atsikana anu. Mbale zina zimasowa chifukwa cha kuiwala, zina ndi zimene antchito amadya okha, zina ndi ngongole za makasitomala odziwika amene amati "ndidzalipira kumapeto kwa mwezi". Zonsezi zikhale ndi batani lake. Mukatero mudzaona chenicheni, ndipo wantchito wokhulupirika adzapeza chomuikira kumbuyo.

Chachiwiri ndi magetsi ndi netiweki. Mapulogalamu ambiri masiku ano amasunga zinthu pa intaneti, zomwe n'zabwino chifukwa mutha kuona malonda pa foni yanu muli kumsika kapena kumaliro. Koma pulogalamu imene imaima intaneti ikaduka si ya kuno kwathu. Musakhutire ndi mawu a wogulitsa. Zimitsani intaneti iye ali pomwepo, lembani oda, muone ngati kapepala katuluka kukhitchini ndi lisiti kwa kasitomala. Mukayatsanso, onani ngati malondawo alowa onse. Pa chifukwa chomwechi, ine ndimakonda tabuleti kapena foni ya Android kuposa kompyuta yaikulu, poti batire lake limapirira maola angapo magetsi atazima. Kumbukirani kuti pulinta nayo imafuna moto, ndiye muiganizire kabatire kapena inveta.

Pa nkhani ya pulinta, zambiri zotulutsa malisiti zimalemba ndi kutentha, pa mapepala a mamilimita 58 kapena 80. Pepala lotere likakhala pafupi ndi mbaula limada, zolembazo osawerengekanso. Kukhitchini muiike patali ndi moto, kapena mugule ya riboni. Funsaninso ngati mapepala ake amapezeka m'masitolo a ku Limbe konko.

Tsopano za msonkho. Ngati bizinesi yanu inalembetsa VAT, lisiti limene mumapereka liyenera kukhala lovomerezeka ndi bungwe la msonkho la MRA. Mu 2014 bungweli linayamba kugwiritsa ntchito makina otulutsa malisiti a EFD, ndipo kenako linabweretsa njira yatsopano yotchedwa EIS, yomwe imatumiza malonda kwa iwo kudzera pa intaneti. Musanalipire kalikonse, pitani ku ofesi ya MRA, likulu lawo lili ku Msonkho House mu Blantyre momwemo, mukafunse ngati pulogalamu imene mukufunayo ikugwirizana ndi njira yawo. Ikapanda kugwirizana, mudzakhala mukulemba malonda aliwonse kawiri, ndipo pa piringupiringu wa masana kulemba kawiri n'kumene kumabala zolakwika. Ngati simunalembetse, funsanibe, chifukwa bizinesi ikakula mudzafika pamenepo.

Za mapulogalamu a mwana wanu, ena otchuka kwambiri pa intaneti, monga Square ndi Toast, anapangidwira msika wa ku America ndi maiko ena ochepa, ndipo musataye nawo nthawi. Loyverse ndi imodzi mwa mapulogalamu amene mungayese popanda kulipira. Imagwira pa foni ya Android, imagulitsa ngakhale intaneti palibe, ndipo imatumiza maoda kukhitchini. Koma mbali yoyang'anira antchito, yomwe ndi imene inu mukuifunitsitsa, ndi yolipira mwezi ndi mwezi mu ndalama zakunja. Zimenezi muziwerengere bwino. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankalipira mu madola anadzuka bilu yake itakwera. Muyeneranso kukhala ndi khadi la ku banki lololedwa kulipira kunja.

Bambo wakompyutayo ali ndi ubwino umodzi waukulu: ali pafupi, ndipo mwina mumulipira mu kwacha. Koma akupatseni mayina a malesitilanti awiri kapena atatu kumene anaika makina ake, mupiteko nokha nthawi ya nkhomaliro, mukacheze ndi wolandira ndalama osati mwini wake yekha. Alembe pa pepala mtengo wa chaka chonse, kuphatikiza kuphunzitsa antchito ndi kukonza zikawonongeka Loweruka. Alembenso kuti mukadzasiyana naye, adzakupatsani kaundula wa malonda anu onse m'njira yoti mutha kutsegula pa kompyuta iliyonse. Mitengo ya chakudya muzitha kusintha nokha. Mmene mafuta ophikira ndi ufa zimakwerera, simungamadikire munthu kuti adzakusinthireni mtengo wa tchipisi.

Polipira, pulogalamu isiyanitse ndalama zapamanja, Airtel Money, TNM Mpamba ndi khadi la ku banki, kuti madzulo chilichonse muzichiyerekeza ndi komwe chalowa. Tsegulani nambala ya bizinesi m'malo molandirira pa foni ya wantchito, ndipo uthenga wotsimikiza muziuona pa foni ya lesitilanti, osati pa ya kasitomala, chifukwa mauthenga abodza alipo. Maoda a pa WhatsApp akhale ndi munthu mmodzi wowalowetsa m'makina asanaphikidwe, pamodzi ndi dzina la wakabaza amene wanyamula. Pulogalamu yapadera yoitanitsira chakudya pa intaneti simukuifuna pakali pano.

Langizo langa ndi ili, Mayi: musagule kompyuta yaikuluyo mwezi uno. Yambani ndi tabuleti imodzi ndi pulinta ya kukhitchini, muyese kwa mwezi wathunthu kabuku kanu kakugwirabe ntchito pambali, ndipo madzulo aliwonse muziwerenga nkhuku zimene zalowa mumphika n'kuyerekeza ndi mbale zimene makina alemba. Ziwirizi zikayamba kugwirizana, ndipo a MRA akakuyankhani, pamenepo ndiye mulipire.